Kabokosi ka pa Firiji ya ku Vubwi

Chisomo ndi Dalitso, ana anga, mwakula mukumva kuti amayi anu anachoka pa ntchito chifukwa cha pakamwa. Azakhali anu a ku Chipata amaikonda nkhani imeneyi, amaifotokoza pa ukwati uliwonse ngati analipo. Chabwino, pakamwa ndili napo, sindikana. Koma popeza ndakhala pansi kuno ku Sinda ndipo mtedza ndakumba kale, ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, kuti mawa mukamayankha anthu muziyankha zoona. Za ubwana wanga ndidumpha, mulibe chodabwitsa.

Chaka choyamba, Katete

Ntchito yanga yoyamba inali yophunzitsa masamu ku sekondale. Makompyuta ndinawaphunzira ndili wamkulu kale, Dalitso ali ku sekondale, anthu akundiseka kuti mayi wa ana awiri akufuna chiyani pakati pa anyamata. Nditamaliza ndinalembedwa ndi kakampani kena kamene kanali ndi zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya simenti, pafupi ndi msewu waukulu wa ku Lusaka. Dzina lake sindilemba. Tinkapanga timabokosi toika pamwamba pa mafiriji a katemera m'makiliniki a kumidzi. Ntchito ya kabokosi inali iwiri basi. Kankaonetsa nambala ya kuzizira kwa m'firiji, ndipo firiji ikayamba kutentha kankatumiza meseji kwa nesi ndi kwa akuluakulu ake kuti athamangire katemera asanawonongeke.

Mkati mwa kabokosiko muli kakompyuta kakang'ono, ndipo pa mapulogalamu ake pali imodzi imene ndi kapitawo wa zonse. Timaitcha kenelo. Ndiyo imagawa memori, malo amene makina amaikapo kaye zinthu akamagwira ntchito. Pulogalamu ikafuna malo imapempha kwa kenelo, ikamaliza imabweza. Ikaiwala kubweza, malowo atayika mpaka makina atazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Memori ya kabokosi kathu inali yochepa zedi, ndipo khodi yoigawa, ndiye kuti malamulo olembedwa amene makina amatsatira, inali yomvetsa chisoni. Anthu awiri amene analipo ine ndisanabwere anali atalemba aliyense njira yakeyake yobwerekera malo, wina osayang'ana za mnzake. Onse anali atapita kale kumene kuli malipiro abwino.

Bwana wathu anali a Tembo, munthu wa taye ngakhale mu Okutobala, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Sabata yanga yachiwiri anandiitana. "Manje imwe a Mwale, mameseji yakakana kuyenda yangosowa. Mucite kuti kabokosi kaziyesanso. Nifuna pa Chisanu." Ndinawauza kuti khodi ya memori ndiyofunika kuimvetsa kaye, iwo anati kumvetsa ndidzamvetsa pa Khirisimasi. Ndiye ndinachita zimene anachita anzanga aja, ndinatsegula khomo langa lachitatu. Pa Chisanu meseji inkayesanso yokha. A Tembo anandigulira fanta, ine ndinaika zilembo zoyamba za dzina langa pamwamba pa khodiyo ndi mtima wonyada.

Za kusowa kwa zinthu ndikhoza kulemba buku lina. Laputopu inali imodzi, tinkachita kulandirana ngati lichero. Malaiti ankapita tsiku lililonse, nthawi zina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, moti chitsulo chowotcherera mawaya tinkachitenthetsa pa mbaula ya amayi ogulitsa chimanga chootcha. Timabatire ta m'mabokosi tinali totchipa, tinkatha malaiti asanabwere. Tinkawatukwana malaitiwo kutukwana kwenikweni, ine ndinkatsogolera.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Okutobala, Vubwi

Pofika chaka chimenechi timabokosi tathu tinali m'makiliniki ambiri a Katete ndi Sinda. Kamodzi kokha kanali ku Vubwi, pa kakiliniki ka kutsogolo kwa boma, pafupi ndi malire. Kumeneko kunalibe mawaya a malaiti, zonse zinkayendera sola. Kabokosiko ndinakakaika ine ndemwe kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo ndinauza nesi wa pamenepo, a Sisita Mbewe, mawu amene tinkauza aliyense: "Musakazimitse, ngakhale tsiku limodzi." Anali mayi wamtali, wosaseka wamba. Ine ndikuona anatenga pulasitala wa pabala, n'kumata pulagi ku soketi, n'kulembapo ndi bolopeni kuti Osakhudza.

Pakati pa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, firiji yawo inafa. Kabokosi sikanatumize meseji. Kanapitiriza kuonetsa nambala yabwino ya kuzizira masiku atatu, mpaka a Sisita anatsegula firiji tsiku la sikelo n'kumva fungo la mpweya wofunda. Katemera yense anali atawonongeka. Amayi amene anayenda kuchokera kumidzi ndi makanda kumbuyo anabwezedwa osabayitsa. Akuluakulu a a Sisita anafunsa kampani yathu chimene chinachitika, ndipo a Tembo analemba kalata yankho lake tsiku lomwelo. Anati mwa timabokosi tonse palibe kamene kanaumapo chonchi, koma kamodzi aka, choncho vuto lili kwa wokagwiritsa ntchito, mwina amazula pulagi kuti anthu a m'mudzi atchaje mafoni. A Sisita anaimitsidwa ntchito kudikira mlandu.

Ananditumiza kukatenga kabokosiko. Minibasi inandisiya pa boma, kwatsalako ndinakwera njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano. A Sisita anabwera kuchokera kunyumba kwawo atavala chitenje, popeza yunifolomu anali atawaletsa. Sanandipatse moni. Ananditengera ku soketi n'kuloza. Pulasitala uja analipo, atada ndi fumbi, kangaude atalukapo.

"Mayi Mwale, yang'anani bwino. Uyu wamatulidwapo?"

Ndinati ayi.

"Munandiuza inuyo kuti ndisazimitse. Sindinazimitse. Lero ku chigayo akundinena kuti ndinapha katemera wa ana awo chifukwa cha mafoni. Ine zaka zonsezi ndabadwitsa ana a m'midzi iyi, lero ndine wotchajitsa mafoni?"

 Tili chiimire foni yanga inalira. Inali meseji yondilandira m'dziko la Malawi, chonsecho ndili pa khonde la kiliniki ya ku Zambia. A Sisita anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Kuno ndi mmene tikhalira. M'mawa foni ili ku Malawi, masana ku Mozambique. Meseji kuti ipite, uchite kukwera pa chulu."

Mawa lake ndili mu ofesi ku Katete, kabokosi ka ku Vubwi kali patsogolo panga kakugwira ntchito bwinobwino ngati sikanalakwepo, malaiti anapita. Ndinatukwana monga mwa masiku onse. Patapita nthawi timabokosi toyesera tomwe tinali pa tebulo tinazima kamodzikamodzi, mabatire atatha. Malaiti atabwera timabokosi tonse tinadzuka tatsopano. Apo ndi pamene ndinagwira pakamwa. Kalanga ine! Timabokosi ta ku Katete ndi Sinda tinkazimitsidwa ndi malaiti tsiku ndi tsiku, ndipo memori iliyonse yotayika inkabwerera. Ka ku Vubwi kokha ndiko kanakhala koyaka masabata asanu ndi limodzi osapuma, chifukwa sola siipita ndipo a Sisita anamvera. Matenda anali m'timabokosi tonse. Malaiti amene tinkawatukwana aja ndiwo ankativeka.

Novembala mpaka Januwale, Katete ndi Sinda

Ndinawauza a Tembo tsiku lomwelo. Anatseka chitseko. Anandifunsa ngati ndikudziwa pamene memori ikutayikira, ndinati ayi, ndipo sindingadziwe, chifukwa makomo obwerekera ndi atatu ndipo palibe limene limalemba amene watenga. Ndinati ndikufuna kuiphwasula khodi yonse ya memori mu kenelo n'kuimanganso, khomo likhale limodzi, koma kabokosi kunja kazichita zomwezo zimene kamachita.

"Kenelo simugwirako," anatero. "Cinthu cisebenza zaka sikisi, imwe mufuna kucipasula? Muikemo cabe kuti kazizima keka m'mawa uliwonse. Yasila nkhani."

"Nanga a Sisita Mbewe?"

"A Sisita ali na mabwana awo. Ise tili na pangano yofunika kusaina mu Malichi."

Ndinawauza kuti kalata ija analemba asanapondeko ku Vubwi, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinawauzanso kuti kuzimitsa makina m'mawa uliwonse ndi kusesa zinyalala n'kuziika kunsi kwa mphasa, ndipo ine amayi anga sanandiphunzitse kusesa kotero. Anandiuza kuti ndikachigwira chinthucho m'nthawi ya kampani ndidzaona. Ndinati chabwino, Loweruka si la kampani.

Nzeru ya kamangidwe sindinaipeze m'buku. Mwezi womwewo kunagwa maliro kwa aneba athu kuno ku Sinda, ine ndili kuseri ndi amayi anzanga kutsuka mbale. Mukudziwa mmene timachitira. Mbale zimachokera m'nyumba zambiri, koma iliyonse ili ndi chizindikiro cha mwini wake kunsi, wina penti wofiira, wina kamtanda kokanda ndi msomali. Ndipo pamakhala mayi mmodzi amene mbale zonse zimatulukira ndi kubwerera kwa iye. Maliro akatha, palibe kukangana, amangotembenuza mbale n'kudziwa yasowa ya ndani ndipo anaitenga ndani. Ndinaima ndi mbale m'manja mpaka mnzanga anandigwedeza kuti kodi ndagwidwa ndi mizimu.

Ndiye ndinamanga chimenecho. Khomo limodzi. Pulogalamu iliyonse yopempha malo izitchula dzina, kenelo izilemba chizindikiro pa malowo, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa izindiuza amene sanabweze. Kunena n'kosavuta. Malo opempha memori anali mbwee m'khodi monse, ndipo sukanawasamutsa onse tsiku limodzi. Ndinkasamutsa amodzi, kuyatsa kabokosi, kuona ngati kakuchitabe zonse monga kale, kenako ena. Loweruka lina ndinasamutsa atatu nthawi imodzi chifukwa cha phuma, kabokosi kanayamba kuonetsa zilembo za chilankhulo chimene Mulungu yekha amachidziwa, ndipo ndinabwerera m'mbuyo ntchito ya masabata awiri. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati nkhono.

Poyesera ndinafunika Vubwi wanga. Atate anu anandibwereka batire ya galimoto ija inafa kalekale, kuti kabokosi kasazime. Kuti netiweki isafike, ndinakhuthula zovala m'thiranki yachitsulo imene Chisomo unkapita nayo ku sukulu yogonera, n'kutsekeramo kabokosi. Ndinakauza kuti kaziyesa kutumiza meseji mosalekeza, kuti za masabata asanu ndi limodzi zichitike msanga. Atate anu ankadutsa n'kumati, "Amake Chisomo, mwayamba kuweta chiyani m'thirankimo?"

Linali Loweruka la mu Januwale, mvula ikuwaza, pamene ndinasamutsa malo omaliza n'kufunsa kenelo kuti ndani sakubweza. Dzina linatuluka limodzi lokha, lobwerezedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Inali pulogalamu yoyesanso meseji. Ndinatsegula khodi yake. Mizere isanu ndi umodzi, pamwamba pake zilembo za dzina langa. Meseji ikakana kupita, khodi yanga inkabwereka malo atsopano oyeseranso, akale aja osabweza. Ku Katete meseji inkakana mwa apo ndi apo, ndipo malaiti ankafufuta umboni. Ku Vubwi inkakana tsiku lonse.

 Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Miyezi itatu ndinali ndikuyenda ndi ukali wofunafuna chitsiru chimene chinawononga katemera wa ana, ndikumanena m'mtima kuti ndikachipeza chidzandidziwa. Chitsirucho chinali chitamwa fanta ya a Tembo. Kukonza kunatenga mzere umodzi wokha. Ndinaulemba, ndinatsekeranso kabokosi m'thiranki, ndipo kanakhala kamoyo.

Lolemba ndinawaonetsa a Tembo. Koyamba m'zaka zonsezo anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho chinandinyansa kuposa ukali wawo. "Manje mwaona? Mukakamba, muzimangirira mweka. Khodi yanu yatsopano ni yabwino, tizaiika mu mabokosi yonse mwakacetecete. Palibe azaziba. A Sisita azapeza ncito kwina, manesi safunafuna ncito nthawi yaitali." Kunyumba atate anu sanandiletse, anangondikumbutsa kuti Dalitso anali asanamalize koleji. Sindikunamizani, ndinaiganizira njira ya a Tembo sabata yathunthu. Chimene chinkandibwerera ndi pulasitala uja. Mayi uja analakwa chinthu chimodzi, anamvera ine.

Febuluwale, tsiku la mlandu

Mlandu wa a Sisita unali ku boma la Vubwi. A Tembo anapita pa galimoto ngati mboni ya kampani. Ine palibe anandiitana. Ndinakwera minibasi ndi thiranki yanga, kondakitala akudandaula kuti ndilipirire mpando wake, ndipo panjira ndinagula madzi oundana a m'pepala. Nditalowa m'chipindamo a Tembo anasintha nkhope. Akuluakulu anali atatu pa tebulo, pakati pali bambo wa imvi amene ankatsogolera. A Sisita anali pa benchi okha, manja pa maondo.

Ndinapempha kulankhula. A Tembo anati sindinatumidwe ndi kampani. Ndinati n'zoona, ndadzituma ndekha. Bambo wa imvi uja anati popeza mayiyu wanyamula thiranki kuchokera ku Katete, timuone.

Ndinatulutsa timabokosi tiwiri, kena ka khodi yakale, kena ka yatsopano. Timawaya take toyezera ndinativiika m'kapu imodzi ya madzi oundana aja, tonse tinaonetsa kuzizira. Ndinatilumikiza ku soketi n'kutitsekera m'thiranki tikuyesa kutumiza meseji mosalekeza monga kunyumba kuja, mawaya okha ali kunja, ndipo ndinafotokoza za malaiti, za sola, za foni imene imagona ku Malawi, ndi za mbale za pamaliro. Pa mbale paja mayi mmodzi wa pa tebulo anagwedeza mutu. Tiyi atabwera ndinatsegula thiranki, ndinapempha ketulo, ndinathira tiyi wotentha m'kapu muja. Nambala ya kabokosi katsopano inakwera pompo, kanayamba kulira. Kakale kanangoti duu, kakuonetsabe kuzizira kwabwino, nthunzi ikutuluka m'kapu. Pulagi palibe anaigwira.

 Kenako bambo wa imvi anafunsa kuti, "Ndiye cholakwikachi analemba ndani?"

A Tembo anatsegula pakamwa, ndikudziwa ankafuna kutchula anyamata aja anapita kalekale. Ndinawadula.

"Ndine. Ndinalemba ine, sabata yanga yachiwiri pa ntchito. Amene anawauza amayiwa kuti asazimitse ndinenso."

Musaganize kuti a Sisita anandikumbatira. Titatuluka anandipeza ndikumanga thiranki. Anati, "Miyezi inayi, Mayi Mwale. Mwana wanga anasiya kupita ku chigayo chifukwa cha zonena za anthu." Ndinati pepani. Anati pepani sabweza katemera, n'kutembenuka kumapita. Ndinalira pa minibasi kuyambira Vubwi mpaka Chipata, osati chifukwa anandilakwira, koma chifukwa ananena zoona.

A Sisita anabwezedwa pa ntchito mwezi womwewo. Ine ndinalandira kalata yoti kampani ikundithokoza ndipo yaona kuti ndi bwino ndipume msanga. Khodi yanga yatsopano anaiika m'timabokosi tonse, zilembo za dzina langa atazichotsa. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Dalitso, chaka chija unakhala pakhomo osapita ku koleji, chifukwa chake ndi chimenechi. Sindinakuuze bwino nthawi imeneyo, ndinkangokukalipira. Undikhululukire pa kukalipako. Pa zinazo sindipempha chikhululukiro.

Chilimwe chathachi

Ndinapita ku Vubwi ku msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo miyendo inanditengera yokha ku kiliniki kuja. A Sisita Mbewe alipobe, imvi zayamba. Anandizindikira, anandipatsa moni wa pakamwa pokha, kenako anati ndibwere ndione. Kabokosi kali pamalo pake, pulagi ndi yomata ndi pulasitala watsopano. Anadina batani la pambali. Pamenepo, m'khodi yatsopano ija, ndinali nditaikapo kamzere koonetsa malo amene abwerekedwa osabwezedwa, ndipo panali ziro. Kenako anatsegula firiji n'kundionetsa choyezera kutentha chagalasi, chachikalekale, chili pakati pa katemera.

"Ndimayang'ana zonse ziwiri m'mawa uliwonse," anatero. "Kabokosi kanu sikananamenso. Koma sindikakhulupirira."

Ndinati, "Muzitero kumene, a Sisita."

Anandipatsa madzi akumwa, ndinamwa, ndinanyamuka. Panja amayi anali pa mzere ndi makanda awo, palibe amene anabwezedwa.

Ndiye azakhali anu akadzayambanso pa ukwati wotsatira, musakangane nawo, nkhani ya pakamwa ndi yoona. Mungowauza kuti munthu wa imvi anafunsa kuti analemba ndani, ndipo m'chipinda monse amene ankadziwa yankho tinali awiri. Winayo akadali pa ntchito.